Ndinagulitsa Burma pa Sikelo

Ndinakulira ku Chilenje, ndipo minibasi yathu yopita m'tauni inali kudzera mu Burma Road. Dzinalo ndinali kulimva tsiku ndi tsiku, koma sindinadzifunsepo kuti Burma ndani. Ndinali kuyesa kuti ndi mzungu wina amene anali ndi famu kumeneko kalekale. Arakan nayo ndinali kuidziwa ngati kampu ya asilikali cabe, pamalo pamene umadutsa mwaulemu osaloza cala.

Pa nyumba pathu tinali kukhala ndi ambuya, atate ao a amai. Anali munthu wosakamba zambiri. Akamwako pang'ono pa Khrisimasi ndi pamene anali kunena kuti, "Ine ndinafika ku Kalewa ndi mapazi awa." Ife adzukulu tinali kuseka, cifukwa Kalewa amene tinali kumudziwa ali ku Ndola, ndipo ku Ndola kumapita basi. Pansi pa bedi yao panali cinthu ca mkuwa cooneka ngati kapu yaitali, kutalika kwake ngati kucokera pa cigongono kufika pa dzanja. Anali kusungiramo misomali, singano yosokera nsapato ndi makiyi akale. Pa Ciweru ciliconse anali kucipukuta ndi phulusa ndi ndimu mpaka ciwale.

Ambuya anamwalira mu 1999, ine ndili ndi zaka 11. Masiku amenewo ine ndi anzanga tinali kutola mawaya, mapoto obooka ndi zitsulo zakale n'kukagulitsa kwa ogula sikirapu. Tsiku lina ndinakhuthula misomali ija pansi, ndinabisa kapuyo m'malaya, n'kutuluka. Wogula anaigogoda ndi sipanala, anamvetsera kulira kwake, anaiika pa sikelo, n'kundipatsa ndalama yokwanira kuonera filimu imodzi ya karate ndi kugula vitumbuwa. Amai anaifunafuna mlungu wathunthu. Ine ndinakhala duu, ndipo ndinakhala conco zaka zoposa 20.

Caka catha ndinali ku Norwich, ku England, kumene ndimagwira nchito yosamalira okalamba. Tsiku lina lopuma ndinakwera sitima kupita ku Sheringham, kenaka basi yoyenda m'mbali mwa nyanja mpaka pa mudzi wa Weybourne. Ndinali nditamva kuti kumeneko kuli malo osungirako mamotoka ndi zida zakale za nkhondo, ndipo ndinangofuna zithunzi zoti anzanga a ku komboni akasirire pa Facebook.

Dzina la malowo ndi Muckleburgh Military Collection. Si a boma. Anawayambitsa Berry Savory, amene anali m'gulu la ndeke za nkhondo la RAF, pamodzi ndi mwana wake Michael, ndipo anawatsegulira anthu mu 1988. Poyamba munali mamotoka 30. Lero akasinja, mizinga ndi mamotoka zapitirira 100, ndipo zambiri injini zake zikali kulira. Malo enieniwo anali kampu ya asilikali. Pa Weybourne nyanja ndi yakuya kufika pafupi ndi gombe, cotero kuyambira mu 1588, pamene zombo za Spain zinaopseza England, anthu akhala akuopa kuti mdani angakoceze pamenepo. M'zaka za m'ma 1930 panamangidwa kampu yophunzitsira asilikali kuombera ndeke ndi mizinga. Anali kuulutsa kandeke kopanda munthu mkati, ka Queen Bee, koongoleredwa ndi wailesi, kuti aziyesererapo dzanja. Winston Churchill anabwera kudzaonerera mu 1941. Mzinga womaliza unalira mu 1958.

Ndisaname, polowa ndinasanduka mwana. Kasinja, amene ife timangoti thanki, ukamuona pa TV umamuyesa motoka yaikulu. Ukaima pafupi ndi pamene umadziwa kuti ndi nyumba yacitsulo yoyenda. T-55 wa ku Soviet Union amalemera matani 36, Chieftain wa ku Britain amapitirira 50. Panalinso T-34, amene anathandiza kuthyola asilikali a Hitler. Ndinayesa kuganizira anyamata anai kapena asanu atapanikizana mkati mwake tsiku lonse, m'malo ocepa kuposa kantemba ka pa msika. Fungo la dizilo ndi girizi linali ngati la m'magalaji a kwathu, ndipo ndinaona makanika wina atagona pansi pa lole yakale, manja ali bii. Ana anali kuthamanga uku ndi uku, makolo akujambula. Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Kwa ola lathunthu ndinaiwala kuti ciliconse m'menemo cinapangidwira kupha munthu.

Cimene cinandiimitsa cinali mzinga waung'ono poyerekeza ndi akasinja aja: mawilo awiri, cishango cacitsulo, penti wobiriwira. Dzina lake ndi 25-pounder, cifukwa cipolopolo cake cimalemera mapaundi 25, amene ndi makilo 11 ndi pang'ono. Capafupi panali zipolopolo zake ndi zigoba za mkuwa zoikamo wonga. Ndinayang'ana cigoba cimodzi, mtima n'kugunda. Kutalika komweko, kukamwa komweko, mkombero womwewo kunsi kwake. Inali kapu ya ambuya.

Mdala wina wa tsitsi loyera, mlendo ngati ine, anaona kuti ndaima nthawi yaitali pamalo amodzi. Anandifunsa ngati ndimaudziwa mzingawo. Ndinayankha kuti ndimadziwa cigoba cabe. Iye anandifotokozera mmene cimagwirira nchito. Wonga ukaphulika, cigobaco cimafufuma pang'ono n'kutseka kumbuyo kwa mzinga kuti moto usabwerere kwa oombera, kenaka cimabwerera mwakale kuti cituluke msanga. Citsulo wamba sicicita bwino zimenezo, n'cifukwa cake anali kugwiritsa nchito mkuwa wosakaniza ndi zinki. Anandionetsanso lamba wofiirira wozungulira cipolopolo. Lambayo ndi kopa weniweni, wofewa, amene amaluma m'mizere ya mkati mwa mzinga kuti cipolopolo cizizungulira pouluka. Amuna 6 anali kugwira mzinga umodzi, ndipo unali kuponya mtunda wa makilomita 12.

Kenaka anati atate ake anali mu Royal Norfolk Regiment ndipo anamenya nkhondo ku Kohima mu 1944. Ine, osaganiza, ndinati, "Kohima ili ku Kabwe, adala." Anandiyang'ana modabwa. Anandiuza mofatsa kuti Kohima ndi tauni ya pa mapiri kumpoto cakum'mawa kwa India, pafupi ndi malire a Burma, kumene asilikali a Japan anabwezedwa. Pamenepo ndinamva kuseka kwathu kwa pa Khrisimasi kuja kukundibwerera, ndipo manyazi anandigwira pamaso pa munthu amene sanadziwe n'komwe cimene ndinalakwa.

Miyezi yotsatira ndinaithera pa kuwerenga, makamaka buku la Alfred Tembo, wolemba mbiri wa pa UNZA, lonena za nkhondoyi ndi anthu a dziko lathu kuyambira 1939 mpaka 1953. Ndinapeza kuti maina a makampu athu ndi mapu a ulendo wa agogo athu.

Gulu la Northern Rhodesia Regiment linakhazikitsidwa mu 1933, litapatulidwa ku apolisi. Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse itayamba mu 1939, linakula kufika mabataliyoni 8, ndipo amuna akuda pafupifupi 15,000 a dziko lino anavala yunifomu. Ena analowa okha cifukwa ca malipiro kapena msonkho, ena anakankhidwa ndi mafumu amene boma linawauza kuti apereke anthu. Nkhondo yao yoyamba yaikulu inali pa Tug Argan, mpata wa pakati pa mapiri ku British Somaliland, kuyambira pa 11 mpaka pa 15 Ogasiti 1940. Asilikali a Italy anali ambiri kuposa iwo. Bataliyoni yoyamba inagwira mapiri masiku amenewo, kenaka onse anabwerera ku doko la Berbera n'kucoka pa zombo. Lero Tug Argan ndi kampu ya ku Ndola. Gondar wa ku Chipata ndi mzinda wa ku Ethiopia kumene asilikali a Italy anagonjera komaliza mu Novembala 1941.

Nkhondo ya mu Africa itatha, anawakweza zombo kuoloka nyanja ya India. Mu 1944 gulu la 11th East African Division, lokhala ndi asilikali a ku Kenya, Uganda, Tanganyika, Nyasaland ndi kwathu kuno, linalowa m'cigwa ca Kabaw ku Burma, dziko limene lero ndi Myanmar. Linalowa pakati pa dzinja, nthawi imene magulu ambiri a nkhondo anali kupuma. Mvula ya kumeneko imagwa miyezi osaleka. Miseu inasanduka phala, mamotoka anatitimira, ndipo cakudya ndi zipolopolo zinali kugwetsedwa kucokera m'ndeke za Dakota. Malungo ndi matenda ofalitsidwa ndi tizilombo ta m'udzu zinagwetsa anthu ambiri. Anayenda conco, akumenyana ndi asilikali a Japan obisala m'maenje a pa zitunda, mpaka anafika pa tauni ya Kalewa, m'mbali mwa mtsinje wa Chindwin, kumayambiriro kwa Disembala 1944. Ulendo wa mapazi umene ambuya anali kunena ndi umenewu. Chindwin lero ndi kampu ya ku Kabwe, Kalewa ya ku Ndola. Bataliyoni yacitatu inamenya nkhondo mu 1945 ku Arakan, dera la m'mbali mwa nyanja limene tsopano ndi Rakhine, kufupi ndi tauni ya Taungup, ndipo dzina limenelo mudzalipeza ku Mufulira.

Gulu la 11th East African Division ku Burma linali pansi pa Fourteenth Army ya William Slim. A ku Britain eni ake anali kuicha gulu loiwalika, cifukwa maso a anthu kwao anali pa nkhondo ya ku Ulaya. Ngati mwana wa ku Norfolk anali kudandaula kuti waiwalika, nanga mwana wa ku Katete? Nkhondo itatha, msilikali aliyense analandira ndalama yomuthokoza malinga ndi miyezi imene anagwira. Zikalata za boma la Britain zimene atolankhani anaulutsa mu 2019 zionetsa kuti m'magulu a kum'mawa kwa Africa, msilikali wamba mzungu anali kulandira mashileni 10 pa mwezi uliwonse, pamene wakuda wa udindo womwewo anali kulandira atatu ndi theka. Mvula inali imodzi, cipolopolo ca mdani cinali cimodzi, koma sikelo inali ndi miyala iwiri.

Dziko lathu silinapereke anthu okha. Lamba wa kopa uja, zigoba zija, mawaya a m'ndeke ndi m'mawailesi, zonse zinali kufuna mkuwa, ndipo pa nthawi ya nkhondo boma la Britain linagula mkuwa wa ku migodi yathu pa mtengo woikika. Roan Antelope ku Luanshya, Nkana ku Kitwe, Mufulira ndi Nchanga ku Chingola zinagwira usana ndi usiku. Mitengo ya zinthu m'masitolo inakwera. Mu Malichi 1940 azungu ogwira m'migodi ananyanyala nchito ndipo anawaonjezera malipiro. Anthu akuda a ku Nkana ndi Mufulira atacita cimodzimodzi, yankho linali lina. Pa 3 Epulo 1940 asilikali anaombera khamu la anthu ku Nkana, ndipo anthu 17 anafa. Patangopita miyezi inai, abale ao anali kufa pa Tug Argan poteteza ufumu womwewo.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuganiza za ulendo wa kapu ya ambuya. N'kutheka kuti mkuwa wake unakumbidwa ku Nkana kapena ku Mufulira, unaoloka nyanja kupita ku fakitale, unaolokanso kupita ku Burma, unalira kamodzi m'cigwa ca Kabaw, n'kubwerera kwao m'cikwama ca msilikali. Unakhala zaka zoposa 50 pansi pa bedi, ukupukutidwa ndi phulusa ndi ndimu. Unapulumuka zonsezo, koma sunapulumuke mdzukulu wofuna kuonera karate.

Tsiku lija ku Weybourne, ndisanacoke, ndinapita kukaona ndeke imene yaimikidwa kumeneko. Ndi Harrier, ndeke yotha kunyamuka mopita m'mwamba ngati helikopita, ya mtundu umene unamenya nkhondo ku Falklands mu 1982. Yatuwa ndi mphepo ya m'nyanja, koma ikali kuoneka yaukali. Inapangidwa ndi kampani ya Hawker Siddeley. Dzina lakuti Hawker linandikumbutsa mkulu wake wa ndekeyi, Hawker Hunter, amene akuluakulu a mu Lusaka anamumvapo kulira ndi makutu ao.

M'mawa pa 19 Okutobala 1978, ndeke za boma la Ian Smith za mtundu wa Hunter ndi Canberra, pamodzi ndi mahelikopita, zinaphulitsa kampu ya ZAPU ya Joshua Nkomo ku Chikumbi, makilomita pafupifupi 20 kumpoto kwa Lusaka. Woyendetsa ndeke wina, wodzicha Green Leader, analankhula pa wailesi ndi oongolera ndeke pa bwalo la Lusaka, n'kulamula kuti ndeke za nkhondo za Zambia zisanyamuke. Anthu mazanamazana anafa tsiku limenelo ku Chikumbi ndi ku kampu ina ku Mkushi. Caka cotsatira anaphwanya nyumba ya Nkomo mkati mwa Lusaka, ndipo anaphulitsa milatho, kuphatikizapo wa pa Chambeshi. Umenewo ndi mtengo umene Zambia inalipira posunga omenyera ufulu wa Zimbabwe.

Usiku umenewo ndinaimbira amai foni. Ndinayamba ndi nkhani ya ndeke, poopa inayo. Ndinawafunsa kumene anali mu Okutobala 1978. Anakhala cete pang'ono, kenaka anayamba kukamba ngati munthu amene anali kungodikira wofunsa. Anali ndi zaka 12, ali m'kalasi. Anamva kugunda ngati bingu kopanda mitambo, mawindo akunjenjemera. Aphunzitsi anawauza kulowa pansi pa madesiki. Masana anaona mamotoka onyamula ovulala akuthamangira ku cipatala. Atafika kunyumba anapeza ambuya atatenga khasu, akukumba dzenje kuseri kwa nyumba, lopindika pakati ngati cigongono. Aneba anawaseka. Ambuya anangoti dzenje loongoka limapha onse ali mkati, lopindika limasiyako ena. Anaphunzira zimenezo ku Burma.

Pamenepo ndinaulula. Ndinati, "Amai, kapu ya ambuya ija ndine ndinaigulitsa." Anaseka pang'ono, kuseka kosakondwa. Anati, "Ndinadziwa tsiku lomwelo, mwanangu. Unabwera ndi mafuta a vitumbuwa pakamwa. Cimene cinandiwawa si kapu. N'cakuti ngakhale ine sindinawafunse atate kuti anaitenga bwanji."

Mwina wina wa inu anena kuti inali nkhondo ya azungu, tiikumbukire ciani? Funsolo ndi labwino. Ine sindikuti tiyamike ufumu umene unalipira agogo athu mashileni atatu ndi theka. Ndikuti amene anayenda m'matope a Kabaw anali anthu athu, amene anakumba mkuwa ndi kufa ku Nkana anali athu, amene anabisala pansi pa madesiki mu 1978 ndi amai athu. Tikapanda kusunga nkhani zao, idzatsala mbiri ya zitsulo zokha: kasinja uyu anali kulemera matani angati, ndeke iyi inali kuthamanga bwanji. Zitsulo zili ndi ozisamalira. Ku Weybourne ndinaona anthu akuthira oilo injini ya zaka 80 kuti isafe. Iwo akusunga mbiri ya kwao, ndipo akuisunga bwino. Yathu sangatisungire.

Cimene ndinaphunzira kumeneko n'cakuti kusunga sikudikira boma. Atate ndi mwana anayamba ndi mamotoka 30 m'kampu yosiyidwa. Kwathu nako zinacitikapo. Moto Moto Museum ya ku Mbala inayamba ndi zinthu zimene wansembe mmodzi, Jean-Jacques Corbeil, anali kusonkhanitsa m'midzi, ndipo mu 1974 inakhala ya dziko lonse. Ife a m'komboni tilibe malo oimikapo akasinja, koma m'masutukesi a pansi pa bedi muli zinthu: citupa ca nthawi ya atsamunda, khadi la UNIP kapena la ANC, cipewa ca mu mgodi, mendulo yooneka ngati nyenyezi, makuponi a unga, cithunzi ca munthu amene mayi mmodzi yekha wa m'banja ndiye angamuchule dzina. Wogula sikirapu adzakupatsa mtengo wa kilo. Wotentha zinyalala sadzakupatsa kanthu.

Asilikali a ku Burma pafupifupi onse anapita. Koma amene anaona 1964, amene anamva ndeke za 1978, amene anaima pa mizere ya unga m'ma 1980, akali nafe, akugulitsa tomato pa msika ndi kulera ana athu. Mau a akulu akoma akagonera, koma amagonera pokhapokha wina atawasunga. Foni imene ili m'manja mwanu imatha kujambula mau.

Ine ndinayamba ndi amai. Ndili ndi mphindi 47 za mau ao, ndi enanso a amalume amene anagwira nchito mu mgodi ku Mufulira. Ndinalemba pa pepala maina a malo onse amene amai anakumbukira kuti ambuya anali kuwachula, ndipo ena ndawapeza pa mapu. Nditabwera ku Lusaka pa holide, ndinakwera minibasi ya ku Chilenje ndi mwana wa mlongo wanga, wa zaka 11. Titalowa mu Burma Road ndinamufunsa ngati akudziwa kuti Burma ndani. Anati mwina ndi mzungu. Ndinauza kondakitala kuti titsika pa siteshoni yotsatira, ndipo njira yotsalayo tinayenda pansi.